Madzi M'galimoto ya Fanuwelo

Kuseri kwa phiri la Mulanje, kumene msewu umatsetsereka kulowera kumadambo, madalaivala a matakisi ali ndi nkhani imene sakonda kuikamba pagulu. Ukawafunsa amayamba ayang'ana uku ndi uku, kenako n'kukuuza motsitsa mawu kuti zinamuchitikira mnzawo Fanuwelo, munthu wosamwa mowa, wosajomba kutchalitchi, amene palibe akanamuganizira choipa.

Fanuwelo anagula galimoto yake chaka chimene mvula inavuta chija. Inali yaing'ono, yotuwa, yoti inayendapo kale kunja, koma m'kati mwake munkanunkhira ngati yatsopano. Ankaikonda mopitirira muyezo. Wokwera akabwera ndi matope kumapazi ankamuuza kuti ayambe wapukuta paudzu, ndipo wa nsomba ankamukana ndithu. Mkazi wake Edinesi ankamuseka kuti, "Bambo a Pilira, tsiku lina mudzaigoneka pabedi, ineyo n'kundigoneka pakhonde."

Edinesi anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, dzina lake Zakeyu. Ameneyu anali munthu wosakhazikika. Lero ali m'dimba, mawa wawoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambiki osatsanzika munthu, n'kudzatulukira patapita miyezi atanyamula chitenje cha mayi ake. Analibe mkazi. Ankakhala ndi mayi awo okalamba kutsidya kwa mtsinje wa Namiyala. Wa galimoto ankafikako pozungulira kudzera pamlatho, pamene wapansi ankadzera kanjira kachidule n'kuwoloka pamiyala.

Tsiku lina madzulo, mvula itagwa kuyambira m'mawa osadukiza, Fanuwelo ankabwerera kunyumba ali yekha m'galimoto. Atayandikira pamphambano pamene kanjira kachidule kaja kamapatukira kumtsinje, anaona munthu ataima m'mbali mwa msewu, matope mpaka m'maondo, thumba la mbatata likuchucha paphewa. Munthuyo anakweza dzanja. Anali Zakeyu.

Fanuwelo anachepetsa liwiro. Kenako maso ake anagwera pakapeti amene anachapa dzulo lake. Anaweramira pawailesi ngati akusaka siteshoni ina, n'kuponda moto. Pagalasi loonera kumbuyo anamuona mlamu wakeyo akutsitsa dzanja pang'onopang'ono. Zakeyu anangokonza thumba paphewa n'kupatukira kanjira ka kumtsinje.

Usiku umenewo mtsinje unasefukira. Unakokolola chimanga cha anthu, nthochi, ngakhale mbuzi.

Zakeyu sanafike kwawo, koma poti anali Zakeyu, palibe anadandaula msanga. "Apitanso ku Mozambiki kwawoko," ankatero Edinesi. Mayi awo okha ndiwo ankati akamva kulira kwa galimoto ya mkamwini wawo, ankatuluka ndi ndodo yawo kudzaima pamsewu.

"Apongozi, inu ndinu a mumsewu," ankatero. "Mukamuona mwana ameneyu mumuuze kuti abwere. Sindikugona."

"Ndamva, mayi. Ndikamuona ndimuuza."

Ankayankha akuyang'ana chiwongolero.

Madzi anayamba kuoneka m'galimoto mvula ikupita kumapeto. M'mawa wina Fanuwelo akupukuta galimoto anapeza kuti kapeti wa popondapo mapazi, kumpando wakutsogolo kumene kumakhala wokwera, wanyowa. Anaganiza kuti zenera silinatsekedwe bwino. Anachotsa kapetiyo, anafinya, anayanika pamwala. M'mawa mwake anapeza chimodzimodzi, ndipo tsopano ukadinda ndi chala madzi ankatumphuka. Mbali yake ya dalaivala inali youma gwa.

Sabata isanathe m'galimoto munayamba kununkha chinyezi. Anapita nayo kwa a Mofati, makaniko wokhala ndi galaja kuseri kwa msika.

A Mofati anali munthu wamtali wosafulumira pa chilichonse. Anagwada, anaviika chala m'madzimo, anatikita ndi chala chinzake, ananunkhiza, kenako analawa pang'ono n'kulavula.

"Akanakhala a mu redieta akanaterera m'zala, ndipo akanatsekemera," anatero. "Awa ndi a mvula basi. Tiyeni tiwapezere polowera pawo."

Anachotsa kapeti ndi siponji ya pansi pake, n'kupukuta mpaka chitsulo chinauma. Kenako anamupatsa Fanuwelo tochi.

"Lowani, akulu, mutseke chitseko. Ine ndizithira madzi kunjaku kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mukaona dontho mukuwe."

Anathira ndi chigubu m'malabala a chitseko.

"Kukudontha?"

"Ayi."

Anathira m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Palibe. Atathira pansi pa mawaipa, kamzere ka madzi kanatsika kuseri kwa dashibodi n'kuyenderera mpaka pansi.

"Awo! Alowa!" anakuwa Fanuwelo.

A Mofati anatsegula boneti, anachotsa pulasitiki ya pansi pa mawaipa, n'kumuitana kuti adzaone. Kangalande kamene kamatenga madzi otsika pagalasi kanali kodzaza masamba owola ndi dothi. Timabowo take totulutsira madzi tinali titatsekeka, choncho mvula ikagwa madzi ankadzaza n'kusefukira m'kati. Anatokosa ndi waya, ndipo madzi akuda anathuvuka pansi kuseri kwa tayala. Anamata ndi silikoni pakabowo podutsa mawaya, n'kuthiranso chigubu china chonse. M'kati simunagwe dontho.

"Yatha ntchito," anatero akupukuta m'manja. "Musamaiimike pansi pa mitengo."

Fanuwelo anaseka. Anaseka kwa nthawi yaitali, mpaka a Mofati anamuyang'ana modabwa.

"Masamba!" ankatero. "Masamba chabe!"

Tsiku limenelo anadya bwino, anacheza ndi ana, anagona tulo timene anali asanagone kuyambira tsiku la mvula lija.

Mvula inatha. Kunabwera mphepo ya mwezi wa Juni ndi fumbi lake. Ndiye m'mawa wina, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, anatsegula chitseko n'kupeza madzi ali thaphwi pamalo omwe aja.

Madzi awa sanali ngati oyamba aja. Anali ofiirira, ndipo atapisamo dzanja anamva mchenga wosalala pansi pake. Fungo lake silinalinso la chinyezi. Linali fungo limene aliyense wokulira kudambo amalidziwa, la matope a mumtsinje ndi bango lowola. Anakapa ndi kapu msangamsanga Edinesi asanatuluke m'nyumba, n'kukataya kuseri kwa bafa.

A Mofati atamuonanso anakanda m'mutu. Anathira zigubu ngati poyamba paja, koma sipanalowe dontho. Anagona pansi pa galimoto kuyang'ana ngati pali pobooka, anagwiragwira mapaipi onse odutsa kuseri kwa dashibodi, onse anali ouma.

"Muisiye igone pano," anatero pomaliza. "Pali kanzeru kena."

Anapukuta chitsulo chija mpaka chinauma, n'kuwazapo ufa wa chimanga paliponse, pansi ndi m'mbali momwe, mpaka pansi pa chitseko.

"Madzi sauluka," anafotokoza. "Kulikonse kumene akuchokera asiya kanjira mu ufamu. Mawa tingotsata kanjirako."

Fanuwelo anafika m'mamawa dzuwa lisanatuluke bwino. Anapeza a Mofati atafika kale, ataima chapatali ndi galimoto, manja ali m'thumba. Sanamupatse moni wanthawi zonse. Anangomulozera ndi mlomo.

Ufa unali wouma m'mbali monse. Panalibe kanjira kochokera ku dashibodi, kapena kuchitseko, kapena pansi pa mpando. Koma pakati penipeni panali malo awiri onyowa, ogundizana, aataliko pang'ono, otambalala kutsogolo n'kuning'a kumbuyo. Pamalo awiriwo ufa unali utaphwatalala ngati pakhala chinthu cholemera usiku wonse.

Kumsika kunkamveka anthu akutsegula maokala.

"Mlonda wa pano akuti m'bandakucha anamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa," anatero a Mofati motsitsa. "Makiyi ndinagona nawo ine m'thumba."

"Mwina mphaka..."

"Akulu, ine ndimakonza galimoto. Pamene panali pa ine ndinakonza. Itengeni."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kusintha pasiteji ya matakisi. Mpando wakutsogolo, umene anthu amalimbirana masiku onse, unkatsala wopanda munthu. Anthu ankayandikira, n'kusuzumira, n'kukadzipanikiza kumbuyo. Tsiku lina mayi wina wa dengu la tomato anaimika galimoto ili patali, koma itayandikira anatsitsa dzanja. Fanuwelo anaima.

"Tiyeni mayi, malo alipo kutsogolo kuno."

Mayiyo anayang'ana mpandowo, anayang'ana Fanuwelo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Pepani, ndimaona ngati pali abambo. Pitani, ndidikira ina."

Tsiku linanso anakweza mkulu wina wachilendo wa chipewa chaubweya. Pokwera kumbuyo mkuluyo anapereka moni kawiri, wina kwa dalaivala, wina chakumanzere. Potsika anaweramira pazenera la Fanuwelo.

"Mwana wanga, anzakowa akunjenjemera. Ulibe jekete lina?"

Fanuwelo sankayang'ananso kumanzere poyendetsa. Khosi linkamuwawa chifukwa choumitsa. Komabe panali zina zimene sakanatha kuzithawa. Galimoto inkapendekera pang'ono mbali imeneyo ngakhale ilibe munthu. Zenera la kumanzere linkachita nthunzi m'kati dzuwa likuswa mtengo. Ndipo akamayandikira pamphambano paja, pansi pa kulira kwa injini ankamva kaphokoso kena, tho, tho, tho, ngati chovala chonyowa chikudontha pachingwe.

Sichinamugwirepo, sichinamulankhulepo. Chinkangokhala, monga amakhalira munthu waulemu amene wakwezedwa ulere ndipo sakufuna kuvutitsa.

Ankadzuka aliyense asanadzuke kukakapa madzi. Anaonda. Kutchalitchi akati tipemphere, iye ankangotsinzina mawu osabwera. Ankadziuza kuti mwina munthu uja anawoloka bwinobwino, mwina alidi ku Mozambiki, mwina abwera Khirisimasi. Ankadziuzanso kuti si iye anadzaza mtsinje. Masana ena anaimika galimoto pamphambano n'kutsika kanjira kaja wapansi, koma atangomva phokoso la madzi kuseri kwa bango anabwerera akuthamanga ngati mwana.

Edinesi ankamuona.

"Bambo a Pilira, mukudwala?"

"Ndatopa chabe."

"Nanga galimoto ikununkha chiyani masiku ano? Inu amene simufuna ngakhale fungo la usipa?"

"Ikudontha penapake. A Mofati akufufuzabe."

"Kudontha chilimwe chino?"

Edinesi anazisiya pomwepo, chifukwa nayenso mtima wake unali kwina. Miyezi inali itadutsa kuposa imene Zakeyu ankakhala akachoka. Anthu obwera kuchokera kutsidya kwa malire ankati sanamuone. Madzulo Edinesi ankakhala pakhonde n'kumayang'ana kumsewu mpaka mdima.

Kenako mayi ake a Edinesi anadwala chifuwa, ndipo panafunika kupita nawo kuchipatala cha pa boma. Fanuwelo anadzuka m'mamawa, anakapa madzi, anapukuta, anayala masaka awiri ouma pamwamba pa kapeti. Iye ndi Edinesi anazungulira pamlatho kukawatenga. Edinesi anakhala kumbuyo kuti akonzeretu malo a katundu, ndipo Fanuwelo anathokoza mumtima.

Atafika, Fanuwelo anathamangira kutsegula chitseko chakumbuyo.

"Mayi akhale kuno, agone bwino."

"Ndi maondo awowa?" anatero Edinesi. "Akhale kutsogolo atambasule miyendo."

"Kutsogolo kuli mphepo."

"Mutseka zenera. Kodi mwatani lero?"

Anawakweza kutsogolo. Mayiwo anavula masilipasi awo n'kuwaika pamiyendo, monga ankachitira nthawi zonse polemekeza galimoto ya mkamwini, ndipo anaponda pamasaka paja ndi mapazi osavala.

Anawoloka mlatho, analowa mumsewu waukulu. Edinesi ankakamba za mankhwala ndi za mzere wa kuchipatala. Mayiwo ankayankha pang'onopang'ono pakati pa kutsokomola, kenako anasiya kuyankha. Fanuwelo anamva fungo lija likukwera. Anaba diso n'kuyang'ana pansi. Masaka aja anali atada ndi madzi, ndipo madziwo anali atafika mu akakolo a mayiwo.

Iwo sanachotse mapazi. Sanakuwe. Anaweramira kutsogolo pang'onopang'ono, anapisa dzanja m'madzimo, n'kulisiya momwemo. Chifuwa chinali chitaleka.

"Iii, mwanawe," anatero ndi mawu aang'ono, amene mayi amalankhulira khanda. "Wazizira bwanji."

"Amayi, mukuti chiyani?" anafunsa Edinesi kumbuyo.

"Nthawi yonseyi uli m'madzi? Osabwera kudzandiuza?"

"Amayi! Mukulankhula ndi ndani?"

Kutsogolo kunaoneka mphambano. Kaphokoso kaja kanayamba, tho, tho, tho, ndipo ulendo uno Fanuwelo anadziwa kuti sakukamva yekha, chifukwa Edinesi anakhala chete mwadzidzidzi.

"Apongozi, imani apa," anatero mayiwo.

Anaima. Injini inazima yokha kapena anazimitsa ndi iye, mpaka lero sakumbuka. Kunja kunali dzuwa, mbalame zikulira m'tchire, munthu wina akudutsa panjinga atanyamula makala. Mayiwo anatembenuka n'kumuyang'ana. M'maso mwawo munalibe ukali, ankangodikira. Pagalasi loonera kumbuyo anakumana ndi maso a Edinesi.

"A Zakeyu anandiimika pano," anatero Fanuwelo. "Tsiku la mvula lija. Anali ndi matope. Ndinawaona, ndinawadziwa, ndinadutsa. Anatsikira uko."

Analoza kanjira ka kumtsinje.

Kenako Edinesi anafunsa ndi mawu osalala, oopsa kuposa kukuwa.

"Tsiku lija munabwera n'kudya, n'kundifunsa ngati ndatseka nkhuku?"

"Eya."

"Ndipo masiku onse amene amayi ankakuimikani pamsewu?"

Fanuwelo anagwetsa mutu pachiwongolero.

Edinesi anatsika, anatsegula chitseko chakutsogolo, anawatulutsa mayi ake, anawapukuta mapazi ndi chitenje chake n'kuwaveka masilipasi. Anakhala nawo pansi m'mbali mwa msewu, ndipo ndi pamenepo pamene maliro a Zakeyu anayambira, akazi awiri akulira pamphambano dzuwa likukwera. Anthu a m'midzi yapafupi anamva n'kuyamba kubwera.

Tsopano poti kunadziwika poyambira, amuna a m'mudzi anatsika mtsinje ndi makasu ndi zikwanje. Madzi anali ataphwa, mchenga uli poyera. Fanuwelo anali nawo, ndipo palibe anamuthamangitsa, koma palibenso ankayenda pafupi naye. Anafufuza m'mabango ndi m'maenje kwa masiku angapo. Anakamupeza Zakeyu kumunsi kwambiri, m'mizu ya mkuyu umene unagwera mumtsinje, mchenga utamukwirira mpaka theka. Anamuzindikira ndi lamba wake.

Anamuika kumanda a kwawo, pafupi ndi bambo ake. Pamaliro Fanuwelo anagwada pamaso pa apongozi ake, anthu onse akuona. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwandibweretsera mwana wanga mochedwa," anatero. "Komabe mwabweretsa. Dzukani, mukudetsa thalauza."

M'mawa wotsatira maliro, Fanuwelo anatsegula chitseko cha galimoto mtima uli m'mwamba. Kapeti anali wouma. Anakweza kapetiyo, anagwira siponji, anagwira chitsulo. Mouma. Mawa lakenso mouma. Fungo linatha pang'onopang'ono, ndipo pasiteji anthu anayambiranso kulimbirana mpando wakutsogolo ngati kale.

Edinesi sanachoke pabanja. Ankaphika, ankachapa, ankamuyankha akafunsa kanthu, koma nthabwala zake zija zinatha. Loweruka lina m'mawa Fanuwelo anamupeza pakhomo akumanga mpango, dengu lili pambali, akukonzekera ulendo wa kumsika.

"Mayi a Pilira, ndikupita komweko. Tiyeni ndikusiyeni." Anazengereza, kenako anawonjezera. "Madzi aja anasiya. Chiikireni maliro sanabwerenso."

Edinesi anamaliza kumanga mpango wake osafulumira.

"Achimwene anali otero," anatero. "Sankadziwa kusunga chakukhosi."

Anasenza dengu.

"Ine sindinatengere iwo."

Anatuluka pachipata wapansi. Fanuwelo analiza galimoto n'kumamutsatira pambuyo pang'onopang'ono, zenera lili lotsegula, kudikira kuti mwina atembenuka. Anafika choncho mpaka kumsika.